Mlatho Wobisa Mafupa Ake

Wopita ku London sabwerako wopanda chithunzi cha Tower Bridge, ndipo ambiri amauza abale awo kuti aona nyumba ya mafumu amakedzana. Anapusitsidwa. Nsanja ziwiri zija, zotalika mamita 65, si zamiyala ayi. Mafupa a mlathowu ndi chitsulo, matani oposa 11,000. Miyalayo ndi chovala chabe, ndipo chovala chimenechi ine chimandinyansa.

Vuto lomwe linabala mlathowu linali lomveka. Anthu a kum'mawa kwa mzindawo ankafuna powolokera mtsinje wa Thames, koma sitima za milongoti italiitali zinayenera kumafikabe kumadoko. Horace Jones ndi injiniya John Wolfe Barry anabweretsa msewu wogawika pakati. Mbali iliyonse imalemera matani oposa 1,000, koma kumchira kwake kuli cholemera china chobisika pansi, moti msewu umatukuka ngati mkono wa sikelo. Injini za nthunzi zinkapopa madzi ndi kuwasunga mopanikiza kuti mphamvu ikhale chire sitima ikatulukira. Zinatumikira choncho mpaka zaka za m'ma 1970 pomwe magetsi analowa m'malo. Kodi luso lotere ndi lochita nalo manyazi?

Akuluakulu a nthawiyo analiona ngati umaliseche. Anafuna kuti mlatho ufanane ndi linga lakale la Tower of London lomwe lili pambali pake. Ntchito inayamba mu 1886, Jones n'kumwalira chaka chotsatira, ndipo George Stevenson yemwe anatenga malo ake anataya maganizo a njerwa n'kuuveka miyala yogoba ndi timazenera tonga ta tchalitchi. Pofika mu 1894, khanda linatsegulidwa litamera kale imvi zobwereka.

Ndikudziwa chomwe ena anene: miyala imateteza chitsulo ku dzimbiri. Chabwino. Nanga bwanji Forth Bridge ya ku Scotland? Kampani ya William Arrol, yomweyo yomwe inakonza chitsulo cha Tower Bridge, ndiyo inamanganso mlatho umenewo, ndipo kuyambira 1890 waima m'mphepo ya kunyanja utangopakidwa penti. Wouona amaona ntchito ya amisiri, msomali ndi msomali. Ku London amisiri omwewo anakwiriridwa kuseri kwa khoma, ulemu n'kupita kwa mafumu omwe sananyamulepo ngakhale nyundo.

Chondisangalatsa n'choti anthu wamba sanapusitsike. Pamwamba pa nsanjazo anaikapo tinjira toti oyenda pansi aziwolokera msewu ukatukulidwa. Anthu sankakwerako. Ankangodikira pansi pomwepo, maso ali pa chitsulo chikunyamuka, mpaka mu 1910 akuluakulu anagonja n'kutseka tinjirato, ndipo tinakhala chitsekereni mpaka 1982.