Musanakweze mwana basi ya ku Phwezi

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka ku MANEB, m'makomo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumayamba zokambirana zosagonetsa tulo. Mwana wakhoza, koma sadasankhidwe kupita ku sekondale ya boma yogonera konko. Pamenepo bambo amene ali ndi bwato la injini kapena golosale amayamba kuwerengera, ndipo mwa maina amene amatchulidwa pamkeka pamakhala Phwezi, m'boma la Rumphi, kumene kuli sekondale ziwiri zomwe si za boma, ya anyamata ndi ya atsikana, m'mbali mwa msewu wa M1 munthu akapitirira Mzuzu kulowera ku Chiweta. Kuchokera ku Mangochi ndi ulendo wotha tsiku lonse, kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Mwana wa zaka 13 kapena 14 akasiyidwa kumeneko, amayi ake amadzamuonanso teremu ikatha.

Tsamba lino silikulamula kholo kuti litumize mwana kapena lisam'tumize. Nkhawa yathu ili pa momwe chiganizo cholemera choterechi chimamangidwira.

Kuwerengera n'koyenera, ndipo chipembedzo chathu chimakufuna. Munthu amene adafunsa Mtumiki Muhammad (SAW) ngati amangirire ngamira yake kapena angoisiya m'manja mwa Allah adauzidwa kuti ayambe waimangirira, kenaka atsamire kwa Allah. Bambo amene akuphatikiza fizi, thiransipoti ndi ndalama ya m'thumba, n'kufunsa kuti ndi ana angati adakhoza MSCE ndipo ndi angati adapita ku yunivesite, akumangirira ngamira. Vuto limayamba akaganiza kuti popeza masamu atheka, ndiye kuti mawa laoneka.

Taonani kumene nkhani zake amazitenga. Amazimva kwa mnzake wa pamzikiti amene mwana wake adabwerako ndi mapointi abwino, chifukwa ameneyo ndiye amakonda kuyankhula. Amene mwana wake adabwerera panjira ali Fomu 2, pa sukulu ina iliyonse, sakamba zimenezo pagulu. Chiwerengero cha okhoza mayeso nachonso chimanena za ana a eni, osati za wanuyu, amene mwina amadwala akasowa amayi ake, kapena amatsata gulu ngati usipa. Katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1978, adaonetsa kuti munthu posankha sakhala ndi nkhani zonse, nthawi yokwanira, kapena mutu wotha kusenza zonse pamodzi. Amangoima pa njira yoyamba imene yamukwanira. Msodzi wa ku Makanjira safuna buku kuti amve zimenezi. Amayang'ana mitambo ndi mphepo asanakankhe bwato, komabe mwera umam'peza pakati pa nyanja.

Mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro lowawa. Mishoni ya Livingstonia idayambira kwathu kuno, ku Cape Maclear, mu 1875. Idasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 idakwera phiri la Khondowe, m'boma lomwelo la Rumphi. Agogo athu ambiri adakaniza ana awo sukulu za mishoni, ndipo sadali opusa. Sukulu ya masiku amenewo inkabwera limodzi ndi katekisimu, ubatizo ndi dzina latsopano. Adayesa zimene ankaziona, nasankha kusunga Chisilamu, ndipo adachisungadi. Ife tikuswali lero chifukwa cha iwo. Chimene diso lawo silikadatha kufikapo n'chakuti patapita zaka makumi angapo, ukalaliki, uphunzitsi, unamwino ndi mipando ya boma zidzagawidwa poyang'ana satifiketi. Mtengo wake taulipira mibadwo ingapo. Ngati anthu ozama ngati amenewo adaona mbali imodzi, ina n'kuwabisikira, ife tisadzinamize kuti tikuona zonse. Ngozi ya m'badwo uno yangotembenuka: tikuona satifiketi, zinazo sitikuziyang'ana.

Zinazo ndi zimene sizilembedwa pa pepala la fizi. Lachisanu masana mwana adzakhala kuti? Nyama ya ku khitchini amazinga ndani? M'mwezi wa Ramadan, kodi pali dongosolo loti ana osala adye daku m'bandakucha ndi kufuturu dzuwa likalowa? Mtsikana adzavala bwanji? Tonse tikukumbuka mkangano wa hijabu umene udatsekesa sukulu kwa M'manga ku Balaka mu 2019, ndi mgwirizano umene atsogoleri a zipembedzo adasayinirana mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la PAC. Mafunso amenewa ngoyenera kufunsidwa pa sukulu iliyonse, ya ku Rumphi, ya ku Zomba, ngakhale yoyendetsedwa ndi Asilamu anzathu. Afunsidwe pamaso, kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa ana a Chisilamu amene ali kale pamenepo. Kholo limene lingakwanitse fizi ya zaka zinayi lingakwanitsenso ulendo umodzi wokaona malo amene mwana adzagona.

Popeza mutu umodzi susenza denga, Qur'an idatipatsa shura, kukambirana, mpaka sura ya 42 imatchedwa ndi dzina limenelo. Nkhondo ya Uhud isanachitike, Mtumiki (SAW) ankakonda zodikira adani mumzinda wa Madina, koma ambiri, makamaka achinyamata, adafuna kukakumana nawo kunja. Adamvera, navala zankhondo, ndipo ena atafuna kubweza mawu sadabwererenso m'mbuyo. Tsikulo Asilamu adataya anthu pafupifupi 70. Komatu lamulo loti apitirize kufunsa maganizo a anthu ake lili m'ndime za sura Al-Imran zimene zikukamba za Uhud yemweyo. Kukambirana sikudathetsedwe chifukwa choti zotsatira zidawawa. M'nyumba zathu, shura imeneyi nthawi zambiri imathera pa bambo ndi anzake a pakhonde la mzikiti. Mayi, amene amadziwa ngati mwanayo amatha kudzichapira ndi kudzidzutsa yekha pa swala ya m'mawa, amangouzidwa tsiku lonyamuka. Malume ake amamva zitatha. Mwana mwini wake safunsidwa n'komwe.

Zonsezi zikachitika m'pamene istikhara imalowa: marakaa awiri osakhala a faradhi, ndi duwa imene Mtumiki (SAW) adaphunzitsa maswahaba ake, monga adasimbira Jabir m'buku la Bukhari. Mtima wa duwayo ndi kuvomereza kuti kapolo sadziwa mathero a chinthu, Allah ndiye adziwa, n'kupempha kuti ngati chili chabwino chifeweretsedwe, ngati chili choipa chitalikitsidwe. Mulibemo lonjezo la loto. Tikunena izi chifukwa m'madera mwathu muli anthu amene asandutsa istikhara kukhala kuombeza: kholo limapereka ndalama, munthu n'kukagona m'malo mwake, m'mawa n'kulengeza kuti waona zoyera kapena zakuda. Mu sura Al-Kahf, Mneneri Musa (AS) adadabwa kuona mnzake wa paulendo, amene mahadisi amamutchula Khidr, akuboola chombo cha anthu osauka ogwira ntchito panyanja, osadziwa kuti kutsogolo kudali mfumu yolanda chombo chilichonse chabwino. Ngati Mneneri woyankhula ndi Allah sadaone za kutsogolo, woyandikana naye nyumba wanu sangakugulitseni kudziwa kumeneko pa mtengo wa nkhuku. Swala imeneyi aswali mwini nkhani, bambo ndi mayi, ndipo mwanayo aphunzitsidwe kuswali yake.

Mukamanga chiganizo, chimangeni, ndipo musadzachiweruze ndi zotsatira zokha. Mwana akadzabwerako ndi mapointi 12, zisadzatanthauze kuti bambo adali mlosi. Akadzabwerako atasokonekera, mayi asadzasenzetsedwe mlandu wa chinthu chimene banja lonse lidagwirizana. Chiganizocho sichidalembedwenso pamwala. Teremu yoyamba ikatha mu Disembala, khalani naye pansi mwanayo, muone mabuku ake, mumve kawerengedwe kake ka Qur'an, mum'funse kumene amaswalira ndi amene amayenda nawo. Zimene mudzamve tsiku limenelo simukadazidziwa mu Seputembala, ndipo zili ndi ufulu wosintha zimene mudagwirizana musanalipire fizi ya teremu yachiwiri.