Pakhomo Pathu: Amene Timamusiyira Makiyi

Ulendo uno tikambirane za munthu amene amayang'anira nyumba ya lendi mwini wake ali kutali.

Kuno ku Mangochi ulendo wa ku Joni si wachilendo. Makolo athu ankapita pa TEBA mpaka kulemba anthu a ku Malawi kunatha mu 1988, ndipo kuyambira cha m'ma 1994 anyamata athu akhala akupita okha pa basi. Phindu lake tikuliona, nyumba za malata ku Mpondasi, ku Namwera, ku Makawa mpaka ku Monkey Bay. Zambiri mwa nyumbazi muli anthu a lendi, ndipo mwini pochoka amangoti, "Achimwene, muziona nyumbayo." Sanena za malipiro, salemba kanthu. Ife tikuti imeneyi ndi ntchito yeniyeni, ndipo ikatengedwa ngati chithandizo wamba imadanitsa pachibale.

Kutolera lendi ndi mbali yochepa chabe. Woyang'anira akhale ndi kope lolembamo dzina, tsiku ndi ndalama, ngakhale munthu atalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, pakuti foni imabedwa, ina imagwera m'nyanja. Pakhomo pamene mabanja asanu akumwa mpopi umodzi, bilu ya Southern Region Water Board ikapanda kulipidwa amadulira onse, osafunsa kuti anasonkha ndani. Chimodzimodzi mayunitsi a ESCOM: wina ali ndi babu limodzi, mnzake ali ndi filiji ndi simbi yamagetsi. Kagawidwe kake kanenedwe tsiku lolowa m'nyumba, osadikira kuti amayi ayambe atukwanizana pampopi.

Ntchito yaikulu ili mu Okutobala, mvula isanagwe. Mwera wa mu Juni ndi Julaye umakhala utagwedeza misomali ya malata, motero pafunika kukwera padenga, ndi kugogoda mitengo ndi mafelemu kuti timve ngati chiswe chalowa. Koma choyamba kuona ndi chimbudzi. Dothi lathu la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, dzenje losamangira njerwa limagumuka madzi akakwera. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, pamene Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, ndiponso mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu. Chimbudzi chodzaza pa nyumba ya lendi chimadwalitsa ndi ana a anansi omwe.

Tsono apa ndi pamene pamayambira mkangano. Woyang'anira akatumiza uthenga kuti pakufunika matumba a simenti, mwini ali ku Johannesburg amakumbukira mtengo umene anausiya. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo katundu wa m'mahadiweya anakwera, koma iye amangoganiza kuti mbale wake akumudyera. Mankhwala ake ndi lisiti, ndi chithunzi cha pa WhatsApp ntchito isanayambe ndi itatha. Nayenso woyang'anira adziwe kuti lendi ili m'manja mwake ndi amana, chosungitsa cha mwini. Kukagwa maliro kapena mwana akabwezedwa fizi, aimbe foni n'kupempha. Kutenga mwakachetechete n'kumati tidzabweza nsomba zikagwidwa kwaswa mabanja ambiri.

Kwa eni nyumba, langizo lathu ndi ili: gwirizanani pamaso pa mboni ziwiri kuti woyang'anira azilandira zingati pamwezi, ndipo lendi ya mwezi umodzi pachaka izitsala kuno yokonzera nyumba. Munthu amene akusiya geni yake kukasaka mmisiri ayenera kupeza ya sopo.

Nanga wa lendi akalephera kulipira? Ambiri mwa iwo amadalira nyanja, ndipo mu Novembala ndi Disembala, pamene boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane, ndalama imasowa. Woyang'anira wanzeru amadziwitsa mwini msanga ndi kupangana ndi munthuyo tsiku lodzalipira, n'kulemba m'kope muja. Zochotsa chitseko kapena kuzula malata ana ali m'nyumba, monga amachitira ena, ife sitigwirizana nazo. Zikakanika apereke notisi yolemba, ndipo ngati munthu akukanabe kutuluka, nkhaniyo ipite kwa amfumu kapena ku bwalo la majisitireti pa boma.