Mwana akuopa kale matenda, asaopenso inu makolo

Amayi ndi abambo anzanga amene tikulerera ana kuno ku Pretoria, kaya ndi ku Mamelodi, ku Atteridgeville, ku Laudium, m'mafulati a ku Sunnyside kapena ku Olievenhoutbosch, ndiloleni nditchule nkhani imene kwathu kholo silikamba ndi mwana wake. Ndi nkhani ya njerewere zotuluka kumaliseche ndi kachilombo kamene kamaziyambitsa, kotchedwa HPV. Chimene chandilembetsa makamaka ndi mantha amene amagwira mnyamata kapena mtsikana akaona kanthu kachilendo pathupi pake n'kusowa womuuza.

Kumudzi ntchito imeneyi inali ndi eni ake. Mtsikana ankathamangira kwa azakhali kapena kwa agogo, mnyamata kwa amalume, ndipo anamkungwi sankakhala patali. Kholo linkamva nkhani itafewetsedwa kale. Kuno ku Joni azakhali ali ku Mangochi, agogo ali ku Mzimba, amalume ali pa ganyu ku Cape Town. Mwana watsala ndi foni basi. Usiku ena onse atagona, iye wadzifunditsa bulangete mpaka kumutu, akuyerekeza zithunzi za pa intaneti ndi zimene waona posamba. Zithunzi zimenezo nthawi zambiri zimakhala za matenda amene anafika poipa, ndipo akangolemba HPV, mawu amene amamulandira ndi khansa. Kukamacha wadziwerengera kale masiku. Nsima akungoitosatosa, tulo palibe, m'kalasi mutu uli kwina, ife n'kumati wayamba mwano.

Tsono mudziwe zoona zake kuti mukhale ndi chomuuza. HPV si HIV, ngakhale zilembozo zikufanana. Kachilomboka kali ndi mitundu yoposa 100, ndipo anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa n'komwe. Mwa anthu 10 alionse amene akatenga, pafupifupi 9 chitetezo cha m'thupi chimathana nako chokha pasanathe zaka ziwiri. Njerewere za kumaliseche pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse zimachokera ku mitundu iwiri, wa 6 ndi wa 11. Mitundu yoopsa pa khansa ya khomo la chiberekero ndi ina, makamaka wa 16 ndi wa 18, imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa imeneyi. Mtsikana amene watuluka njerewere sanalandire uthenga wa imfa. Zimanyansa, nthawi zina zimayabwa, zimachititsa manyazi, koma zimachiritsika.

Komanso si chotupa chilichonse cha kumalo obisika chimene chili njerewere. Pali tizitotupa toyera timene anyamata ena amakhala nato kuzungulira mutu wa chida chawo, ndipo ndi chibadwa chabe. Pali ziphuphu zobwera munthu akameta tsitsi la kumusi ndi lezala. Pali tinyama tolendewera timene timangomera pakhungu. Zonsezi zasowetsa anthu tulo pachabe. Wosiyanitsa ndi namwino kapena dokotala amene waona ndi maso ake, osati chithunzi chotumizirana pa WhatsApp.

Apa ndiye pali pempho langa lalikulu. Mwana akalimba mtima n'kunena kuti, "Amayi, pali chimene chikundidetsa nkhawa," mawu anu oyamba ndi amene aweruze ngati adzakuuzaninso kanthu moyo wake wonse. Ndikudziwa chimene chimabwera pakamwa msanga: wakupatsa ndani, unayamba liti zimenezi, watichititsa manyazi, tikukweza basi ya pa Bosman ubwerere kumudzi. Mezani kaye mawu amenewo. Ululu wanu ndi womveka, pakuti palibe kholo limene limakondwa kumva kuti mwana wake wayamba zogonana, ndipo nthawi ya malangizo idzafika. Koma tsiku limenelo mwana akufuna kumva kuti mawa m'mawa mupita naye kukiliniki. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ana ambiri amene amabisa matenda mpaka kukula amatero chifukwa anayeza ukali wa makolo n'kuona kuti bola kuvutika okha.

Funso lakuti wakupatsa ndani kawirikawiri lilibe yankho. Njerewere zimatha kutuluka patapita masabata, miyezi yambiri, mwina kuposa pamenepo chitengereni kachilomboka. Kamafala pokhudzana khungu ndi khungu kumalo obisika, kotero kuti kondomu imachepetsa ngozi koma siithetseratu. Izi zikukhudzanso ana athu a pabanja. Mpongozi wanu akapezeka ndi njerewere, musathamangire kuitana ankhoswe kuti wayenda njira. N'kutheka kuti kachilomboko kanalowa ukwati usanamangidwe, ndipo n'kutheka kuti kanabwera ndi mwana wanu yemweyo. Chanzeru n'chakuti onse awiri akaonedwe kuchipatala.

Ndikugwadireni pa chinthu china: lezala ayi. Ambiri tinakula tikumva za kudula mauka, ndipo alipo amayi ena kuno amene amadziwika kuti amaitha ntchitoyo m'zipinda zawo. Kudula kumataya magazi, kumasiya bala lolowera tizilombo tina, ndipo kachilombo kamatsala m'khungu momwemo, njerewere n'kumeranso. Lezala yogwiritsa ntchito pa anthu angapo imatha kufalitsa HIV. Musakhulupirirenso timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi m'tauni, tolonjeza kuchiza matenda onse ndi kubweza mwamuna wothawa pa botolo limodzi. Ngakhale mankhwala a kufamase opakira njerewere za m'manja ndi kumapazi si a kumaliseche. Khungu la kumeneko ndi lofewa, amaliwotcha n'kusiya zilonda.

Kukiliniki zimene zimachitika si zoopsa monga mwana amaganizira. Namwino amayang'ana, ndipo nthawi zambiri kuona kokha kumakwanira, chifukwa palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa HPV. Magazi amene amatenga ndi oyezera chindoko ndi HIV, ndipo musawakane: chindoko chimatha kutulutsa zotupa zofanana ndi njerewere pomwe mankhwala ake ndi ena, ndipo munthu amene chitetezo chake chatsika njerewere zake zimachuluka n'kuvuta kutha. Zikakhala zazing'ono amapaka mankhwala monga podophyllin, amene woyembekezera sayenera kupakidwa, choncho mtsikana anene ngati akudzikayikira. Zikakhala zazikulu kapena zamkati amatumiza kuchipatala chachikulu monga Kalafong, Mamelodi kapena Steve Biko, kumene amaziumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kuziwotcha kapena kuzichotsa atabaya dzanzi. Mumuuziretu mwana kuti zimatha kubweranso m'miyezi yoyambirira. Zikabwera si ufiti, si tsoka la pamtundu, angobwerera akalandirenso chithandizo.

Sindikuiwala kuti ambiri a ife timaopa zipatala chifukwa cha mapepala. Ena anabwezedwapo pageti, ena analalatiridwa pamzere chifukwa cha kalankhulidwe kawo. Zimenezo zimachitikadi ndipo zimapweteka. Komabe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, kuphatikizapo za uchembere, osati kwa nzika zokha. Mwana wa zaka 16 akanyozedwa ali yekha amabwerera osadzapitanso. Akakhala ndi wamkulu pambali pake amapirira mpaka kuonedwa, ndipo akabwezedwa pamalo amodzi mumayesa pena. Ngati nkhaniyi ikukulemerani pakamwa, pezani mayi wodalirika wa kumpingo kapena kumzikiti, kapena mnansi wamkulu, akhale ngati azakhali ake. Dziwaninso kuti lamulo la ana la mu 2005 limalola mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo, amene ali wozindikira, kulandira chithandizo cha mankhwala payekha. Mukadzapeza khadi la kukiliniki m'chikwama chake musamukalipire kuti anapita mobisa. Anachita chanzeru.

Nkhani imasintha njerewere zikapezeka pa mwana wamng'ono. Si nthawi zonse pamene zimatanthauza kuti wina anamugwira, pakuti zimatha kuchokera kwa mayi pobereka, koma zimenezo akaunike ndi dokotala. Ngati pali chokayikitsa, musazithere m'nyumba pofuna kuteteza wachibale kapena mwininyumba. Lamulo la dziko lino limakakamiza aliyense wodziwa za nkhanza zogonana kwa mwana kuti akanene. Pa chipatala cha Mamelodi pali malo a Thuthuzela othandiza ochitiridwa nkhanza zotere, ndipo nambala ya Childline ndi 116, yaulere.

Ndibwere tsopano pa kapepala kamene kamatayika m'zikwama za ana athu. Kuyambira mu 2014 boma la South Africa limapereka katemera wa HPV kwaulere m'sukulu za pulaimale kwa atsikana a zaka 9 kupita m'tsogolo, koma anamwino sabaya mwana amene kholo lake silinasaine fomu. Mafomu ambiri a ana athu sabwerera kusukulu. Ena timafika kunyumba usiku titatopa, ena Chingerezi cha pa fomupo chimatizunguza, ena tinamva mphekesera yakuti katemerayu amatseka mimba kapena amalimbikitsa chiwerewere. Katemerayu wakhala akuperekedwa m'maiko ambiri kuyambira mu 2006, ndipo palibe umboni wakuti amalepheretsa kubereka. Amabaya ana aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito munthu asanakumane ndi kachilomboka. Sachiza amene ali nako kale. Kwathunso ku Malawi anayamba kumuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu 2019 anafika m'dziko lonse.

Ife Amalawi sitiyenera kuchita kukakamizidwa pa zimenezi. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri pa dziko lonse: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri a ife tinasonkhapo ya bokosi la mlongo kapena mlamu amene ankangotaya magazi mpaka kutha.

Ndinene mosabisa kuti katemera wa Cervarix, amene boma linabweretsa m'sukulu za kuno, anapangidwira mitundu ya 16 ndi 18, ya khansa ija. Woteteza ku njerewere ndi Gardasil, amene amapezeka polipira kwa madokotala ndi m'mafamase ena, ndipo anyamata nawo angathe kubayitsa. Ndi wodula, si aliyense angakwanitse. Koma waulereyo akutseka khomo la chimene chimapha, ndipo chimenecho ndicho choyamba.

Inunso amayi mudziganizire. Kuno mayi aliyense ali ndi mwayi woyezetsa khomo la chiberekero, kumene amati Pap smear, kwaulere katatu pa moyo wake, kuyambira zaka 30, patapita zaka 10 zilizonse. Amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi, chifukwa ngozi yawo ya khansayi imaposa ya ena pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Mtsikana amene anaonapo mayi ake akupita kukayezetsa savutika kuwauza za thupi lake.

Madzulo ano funsani mwana wanu wamkazi ngati kusukulu anapereka fomu ya katemera, ndipo ngati inatayika mukapemphe ina kwa aphunzitsi. Amene munasiya ana kwa agogo kumudzi, poimba foni sabata ino musangofunsa za fetereza ndi yunifolomu. Funsaninso ngati mtsikana uja anabayitsa, ndipo ngati sanabayitse, agogo apite naye kwa alangizi a zaumoyo.