Udindo wa Kalinde m'Nyumba za Zisudzo (Gawo Lachiwiri)

Ambiri amayesa kuti ntchito ya kalinde ndiyo kung'amba matikiti ndi kulozera anthu mipando basi. Maganizo otere ngolakwika. Pa 30 Disembala 1903 moto unabuka m'nyumba ya zisudzo ya Iroquois mumzinda wa Chicago, ndipo anthu pafupifupi 600 anafa. Zitseko zina zinali zokhoma, ndiponso akalinde anali asanaphunzitsidwe zochita pangozi yotere.

Motero kalinde, wolipidwa ngakhale wongodzipereka, ayenera kufika msanga, kudziwa makomo onse otulukira, kulankhula mwaulemu, ndi kubweza ngakhale mbale wake holo ikadzaza. Aphunzitsi anzanga, musanaike mwana wasukulu pakhomo tsiku la sewero, yambani mwamulangiza kuti chitseko sichikhomedwa anthu ali m'kati.