Ophunzira pa nkhondo: chifundo chokha chingakwanire?

Kum'mwera chakumadzulo kwa boma la Mambwe, m'boma loyandikana nalo la Lusangazi, kuli Ukwimi. Lero ndi dera la alimi, koma mu 1987 boma la Zambia ndi bungwe la UNHCR anakhazikitsako anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Zigawenga za Renamo zinkatentha sukulu, kupha aphunzitsi ndi kuba ana kuti akanyamule mfuti. Ana amene anapulumuka anadzayambiranso sukulu ku Ukwimi, ndipo mabanja awo anabwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wamtendere umene unasainidwa ku Rome mu 1992.

Choncho anthu a m'chigwa cha Luangwa akamva za ophunzira othawa mabomba, si nkhani yachilendo. Chimene amasiyana maganizo n'chakuti mwana wasukulu wa kuno azilowerera mpaka pati m'mavuto a anzake akutali.

Mbali ina imati za kunja ziyambe zadikira. Mwana wa ku Mfuwe, kwa Kakumbi kapena kwa Nsefu, ali ndi zake zomuwopseza: njovu panjira ya kusukulu, mitsinje yosefukira m'dzinja, ndi umphawi wa kunyumba. Akakhoza n'kupita ku Lusaka, nakonso chitetezo si chotsimikizika. Mu Okutobala 2018, Vespers Shimuzhila, wophunzira wa pa University of Zambia, anamwalira apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba zogona ophunzira pa zionetsero zofuna ndalama zawo za chakudya. A mbali imeneyi amati ngati mawu a ophunzira sanathe kuteteza mnzawo pakhomo, angathandize bwanji wa ku Sudan kapena ku Ukraine?

Mbali inayo imayankha kuti nkhondo zakutalizo zinafika kale m'mabanja a kuno. Russia italowa mu Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, ophunzira a ku Zambia anali m'gulu la othawa. Anthu akuda ambiri anadandaula kuti ankawakankha pokwera sitima ndiponso kuwaimika pamalire, mpaka bungwe la African Union linadzudzula khalidweli. Masiku oyambawo, ophunzira a ku Africa ankadalirana okhaokha. Pa WhatsApp ndi Telegram ankauzana malire otseguka, kusonkherana ndalama za ulendo ndi kupezerana pogona ku Poland, Hungary ndi Romania, osafunsana kuti kwanu n'kuti. Mumzinda wa Sumy ku Ukraine, ophunzira akunja anagawana chakudya ndi madzi m'zipinda zobisalamo mpaka njira yotulukira inatsegulidwa pa 8 Malichi.

Komabe chifundo chili ndi pofika. Lemekani Nyirenda, amene ankaphunzira pa Moscow Engineering Physics Institute pa thandizo la boma la Zambia, anamangidwa ku Russia mu 2020. Gulu la asilikali aganyu la Wagner linamutenga kundende, ndipo anafera kunkhondo ku Ukraine mu Seputembala 2022 ali ndi zaka 23. Panalibe gulu la ophunzira limene likanatsegula ndende kapena kuletsa zimenezi. Imeneyo ndi ntchito ya akazembe ndi maboma. Ngakhale ku Ukwimi, makalasi anamangidwa ndi ndalama za boma ndi mabungwe, osati ndi kukoma mtima kwa ana asukulu.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma yoyambayo imalakwitsa poona ngati kumvera chisoni wakutali kumachepetsa mphamvu zosamalira wapafupi. Wophunzira amene anazolowera kufunsa za imfa ya Vespers ndi yemweyo amene angafunse za Lemekani. Chofunika n'chakuti boma lizidziwa kumene wophunzira aliyense wotumizidwa kunja ali, likhale ndi dongosolo lomuchotsako zinthu zikavuta, ndipo mabungwe a ophunzira azilikumbutsa zimenezi nkhondo isanayambe.