Tisadikire boti la boma, tikonzekere madzi asanafike

Achinyamata anzanga a m'makalabu, ine ndimagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira ndipo anthu masauzande ambiri anathawa m'nyumba zawo. Kwathu madzi analowa usiku. Amene anayamba kupulumutsa anthu anali anyamata a padoko ndi mabwato awo, komanso atsikana amene anabereka ana a eni kuthamangira nawo kusukulu. Thandizo la boma ndi mabungwe linabwera ndithu, koma linatipeza titagona kale panja chifukwa misewu inali itaduka.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi akuti kalabu iliyonse ya achinyamata kunyanja kuno ikhale ndi gulu lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ngozi ikagwa, maola oyamba amakhala m'manja mwa ife eni mudzi.

Ena amati zimenezi zimachitika kamodzikamodzi. Tiyeni tiwerenge. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, ndipo mu March 2023 wa Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera. Mu 2024 nyanja yathuyi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi kuno kwathu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa chaka china adzadutsanso.

Nanga kalabu ingachite chiyani popanda ndalama? Choyamba, mvula isanayambe, jambulani mapu a mudzi wanu ngakhale pansi ndi kamtengo. Onetsani malo amene madzi amayambira kulowa, malo okwera othawirako, ndi njira yofikira kumeneko usiku. Kenako lembani nyumba zimene muli agogo, anthu olumala, amayi oyembekezera, odwala ndi ana amasiye okhala okha. Nyumba iliyonse yotere ipatsidwe achinyamata awiri oti adzaigogode. Ife tinalibe dongosolo limeneli. Agogo ena osamva bwino tinawakumbukira kutacha, ndipo tinawapeza atakhala pa thandala la nsomba, madzi ali m'chiuno. Anapulumuka mwa mwayi chabe.

Chachiwiri ndi chenjezo. Nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi za mvula yamphamvu ndi mphepo ya mwera, koma si nyumba zonse zili ndi wailesi kapena foni. Gwirizanani ndi amfumu za chizindikiro chimodzi, kaya wenzulo, ng'oma kapena belu la kusukulu, ndipo aliyense adziwe tanthauzo lake. Yeserani kamodzi masana kuti muone amene sanamve.

Chachitatu, phunzirani kupulumutsa munthu popanda kutaya moyo wanu. Ife a kunyanja timadzitama kuti timatha kusambira, koma madzi osefukira amathamanga ndipo amanyamula mitengo, malata, nthawi zina ng'ona. Madzi othamanga ofika m'mawondo okha amatha kugwetsa munthu wamkulu. Musadumphiremo. Muponyereni munthuyo chingwe, nsungwi yaitali kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chifukwa chimayandama. Bungwe la Red Cross limaphunzitsa chithandizo choyamba. Kalabu yanu ikhoza kupempha maphunzirowa kudzera kwa amfumu kapena ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Pali nkhani ina imene ndinaiona kumsasa wa anthu othawa madzi. Mayi wina anandikokera kuseri kwa kalasi patatha masiku anayi. Ma ARV ake ndi buku lake la kuchipatala zinapita ndi madzi, ndipo ankachita manyazi kunena pagulu. Kudukiza mankhwalawa kumapatsa mpata kachilombo kuti kachulukanenso m'thupi. Choncho uzani banja lililonse kuti lisunge mankhwala, mabuku a kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi tochi m'jumbo yomanga bwino, poti munthu angaitole mumdima. Uthengawu ukhale wa nyumba zonse, chifukwa a TB, a shuga, a BP ndi a khunyu nawonso amamwa mankhwala tsiku lililonse. Tikatero palibe amene adzalozedwe chala. Wodzipereka akauzidwa chinsinsi cha munthu, achisunge ndi kumuperekeza kwa azaumoyo.

Madzi akaphwa ntchito siinathe. Zimbudzi zimagwa, zitsime zimalowa zonyansa, kolera amatsatira. Tonse tikukumbuka mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a kunyanja anavutika kwambiri. Thandizani kuthira klorini m'madzi akumwa, kukumba zimbudzi zongoyembekezera ndi kuika mipondagiya. Munthu akayamba kutsegula m'mimba, musungunulireni paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Kumsasa yang'aniraninso atsikana. Pamene pali njala ndi mdima, pamapezeka abambo ofuna kusinthanitsa ufa ndi thupi la mwana.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwa ena: kodi alawansi ilipo? Palibe, ndipo sindikunamizani. Ndikudziwanso kuti ambiri tili pa ulova ndipo nthawi yathu ndi ya ganyu. Koma taganizani, nyumba imene mudzaigogode usiku umenewo ndi ya agogo anu, ndipo mwana amene adzanyamulidwe ndi mng'ono wanu. Mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu a m'makomiti nawonso atipatse malo. Achinyamata asamangoitanidwa pa tsiku lonyamula matumba a chimanga, azikhala nawo pokonza dongosolo, anyamata ndi atsikana omwe.

Pa msonkhano wanu wa sabata ino, siyani kaye mpira kwa ola limodzi. Funsanani kuti: madzi atalowa lero usiku, tithawira kuti, ndipo ndani akagogode kwa agogo aja okhala okha kudambo? Ngati yankho palibe, yambirani pomwepo.