Ndemanga: Bokosi la kompyuta lisakhale pobisalira amakaniko

Masiku ano pa Boma la Mzimba, pa Jenda ngakhale ku Embangweni, galimoto ikangokana kulira, yankho la ku galaja limakhala limodzi: "Bwana, kompyuta bokosi yapsa." Mawu amenewa asaukitsa mabanja ambiri, ndipo limodzi mwa mabanjawo ndi lathu.

Amalume anga adagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri, monga achitira amuna ochuluka a boma lino. Atabwerera adagula Toyota Sienta yakale ya ku Japan kuti azinyamula anthu pakati pa Jenda ndi Mzimba. Dzinja lapitali galimotoyo idazima panjira. Makaniko wina adatsegula boneti, kumvetsera pang'ono, n'kugamula kuti bokosi lafa. Amalume adagulitsa ng'ombe, bokosi lina lidabwera kuchokera ku Mzuzu, koma galimoto osalira. Makaniko adati wogulitsa watumiza bokosi lolakwika. Wogulitsa adati makaniko ndiye walitentha polumikiza. Patatha masabata atatu, mnyamata wina wa zamagetsi adapeza kuti vuto lidali waya wa earth wodyeka ndi dzimbiri. Bokosi lakale, lomwe lidalibe vuto, lidali litasowa m'galajamo. Lisiti padalibe. Ng'ombe idapita, mlandu udathera pakamwa.

Kodi bokosi limeneli n'chiyani? Galimoto zakale zidali ndi kabureta, yomwe makaniko ankaimasula mwini galimoto akuona. Za lero zili ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Kamalandira uthenga kuchokera ku masensa, monga oyeza mpweya wolowa m'injini, kutentha kwa madzi ndi kuzungulira kwa injini, ndipo kamalamula kuchuluka kwa petulo ndi nthawi yoti mapulagi apereke moto. Sensa imodzi ikafa, fyuzi ikapsa kapena waya ukaduka, galimoto imachita ngati bokosi lafa pomwe lili bwinobwino.

Zoona, bokosi limapsa. Limapsa madzi akalowa powoloka mtsinje wodzadza, munthu akatembenuza mawaya a batire polizira galimoto ndi batire ina, kapena wina akawotcherera chitsulo pagalimoto osachotsa batire. Onani kuti ziwiri mwa zifukwa zimenezi zitha kuchitikira m'galaja momwe. Ndiye bokosi likapsa m'manja mwa makaniko, alipire ndani?

Njira yodziwira choona ilipo. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi polumikizira makina oyezera pansi pa chiwongolero, njira yotchedwa OBD-II yomwe dziko la America lidaikakamiza kuyambira 1996. Makinawo amaonetsa nambala yoloza kumene kuli vuto, ndipo mmisiri weniweni amatsata mawaya asanaweruze. Ndiponso bokosi silingobudulidwa m'galimoto ina n'kuikidwa: nambala yake iyenera kufanana ndi ya lakale, ndipo pagalimoto zambiri liyenera kudziwitsidwa kiyi, apo ayi injini siilira. Makaniko wosauza kasitomala zimenezi asanatenge ndalama ndi wosadziwa ntchito kapena ndi kamberembere.

Kwabweranso anyamata a malaputopu olonjeza kusintha pulogalamu ya m'bokosi kuti galimoto izimwa mafuta pang'ono, kapena kuzimitsa nyali ya check engine. Kuzimitsa nyali sikuchiza injini. Ndipo batire ikafooka pulogalamu ili mkati molembedwa, bokosi limatha kuferatu. Zikatero mnyamata uja amazimitsa foni.

Sindikunena kuti amakaniko onse ndi akuba, ayi. Ambiri adaphunzira ntchito pansi pa mtengo, nthawi ya kabureta, ndipo makina oyezera ndi odula. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya onse ochokera kunja adakwera mtengo. Nafenso eni galimoto tili ndi mbali yathu: timafuna zotchipa, timatsuka injini ndi paipi ya madzi, ndipo timachita manyazi kufunsa. Akulu adati safunsa adadya phula.

Koma umphawi wa makaniko si chifukwa choti ng'ombe ya wina ipite pachabe. Galimoto ikakhala m'galaja, mwini wake amalankhula mogonja poopa kuti imasulidwa zina, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. N'chifukwa chake pali malamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Mu 2024 lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pamalonda lidalowa m'malo mwa la 1998, ndipo lidapatsa bungwe la CFTC mphamvu yolipiritsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Koma kodi CFTC kapena bwalo la majisitireti lingathandize bwanji munthu wopanda pepala lililonse m'manja?

Choncho ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, makaniko asasinthe bokosi asanayeze, ndipo nambala ya vuto ailembe papepala, kasitomala atenge. Chachiwiri, lisiti lionetse nambala ya bokosi, mtengo wake ndi masiku omwe lingabwezedwe likakana kugwira ntchito. Chachitatu, bokosi lakale libwezedwe kwa mwini wake, chifukwa ndi katundu wake. Chachinayi, a TEVETA abweretse maphunziro afupiafupi a zamagetsi a galimoto kwa amisiri omwe ali kale pantchito kuno, ndipo a CFTC ndi a CAMA afike pa Jenda tsiku la msika kudzauza anthu kumene angakadandaule.

Pepala limeneli litetezanso makaniko wachilungamo kwa kasitomala wabodza. Wolikana, abale anga, musamusiyire kiyi. Kokani galimoto yanu mupite kwina.